Ndinadyetsa Alamu Anga Pakhonde

Moni nonse abale ndi alongo. Ambuye alemekezeke!

Ine ndine Damiano. Ndinali mphunzitsi kwa Kalembo. Mphunzitsi wa setifiketi, abale! Mudzi wonse, wovala nsapato ndinali ine ndekha. M'tchalitchi benchi loyamba linali langa. Munthu akandipatsa moni osavula chipewa, ndinkayang'ana kumbali.

Mkazi wanga ali ndi mlongo wake, Che Wadi, msodzi wa ku nyanja ya Chiuta, Msilamu. Tsiku lina anabwera kudzationa, atasenza dengu la milamba yowamba. Milambayo ndinalandira. Koma mwini wakeyo ndinati adyere pakhonde, chifukwa ankanunkha nsomba. Pakhonde, abale! Alamu anga enieni!

Kenaka kunagwa njala ija ya 1949. Mvula inakana. Ana anasiya kubwera, sukulu inatsekeka. Ndinatenga setifiketi yanga kupita ku Balaka kukafuna ukalaliki. Mwini sitolo wina anangoiyang'ana n'kundibwezera. "Dzulo anabwera ena a mapepala ngati amenewa. Muli ndi chimanga?"

Ndinalibe. Nditabwerera, ndinapeza mwana wathu Rozina atatupa mapazi. Kulira sankathanso. Mkazi wanga anati, "Bambo, tiyeni kwa achimwene." Ndinati iyayi. Iye anabereka mwana n'kuyamba ulendo. Ndinamutsatira, mutu uli pansi.

Tinayenda masiku atatu. Njira yonse ndinkakonza mawu opepesa. Titafika, Che Wadi anataya ukonde umene ankasoka, n'kuthamanga. Anamulanda mkazi wanga mwana kumsana, akufuula, "Phala! Msanga, phala!" Kenaka anatembenukira kwa ine. "Alamu, lowani m'nyumba. Tidyera mbale imodzi."

Ndinayamba: "Che Wadi, tsiku lija..."

"Idyani kaye. Nkhani zikudziwa kudikira."

Ndinadya ndi misozi, abale. Ndi misozi!

Patapita masiku ndinati, "Ndipatseni ntchito. Ndimadziwa kulemba ndi kuwerenga Chizungu."

Anaseka. "Milamba ya kuno imangomva Chiyao. Kwerani bwato."

Ndinakwera. Nditangoimirira, phava! M'matope! Amayi oyanika matemba anaseka mpaka kukhala pansi. "Aphunzitsi abatizidwanso!" Ndinatuluka udzu uli m'mutu, ndipo nanenso ndinaseka. Ndinaseka, abale! Chiyambire njala ndinali ndisanasekepo. Tsiku limenelo Mulungu ananditula katundu amene ndinkamuyesa ulemu.

Rozina anachira. Ndi uyo wakhala apoyo, amene akubisa nkhopeyo!

Lero ndimakhala ku Chiuta konko. M'mawa ndimavuula mono ndi alamu anga. Masana ndimaphunzitsa ana a asodzi pansi pa mtengo, Akhristu ndi Asilamu omwe. Lachisanu iwo amapita kumzikiti, ine ndimawayang'anira nsomba. Lamulungu ine ndimabwera kutchalitchi kuno, iwo amayang'anira zanga.

Zikomo Ambuye! Zikomo inu pondimvera. Ndipo amene wakhala pafupi nane akamva fungo la milamba, asavutike kufunafuna. Ndine amene!