Mapepala Amene Aprofesa Anagawa Pawiri

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1952, mwana wamkazi yekha m'banja la atelala. Ali aang'ono ndiwo ankagawira alongo awo zigamba zopangira mpira kuti asamenyane, ndipo ntchito yoleretsa imeneyo sanaisiye mpaka imvi.

Anayamba sukulu mu 1959. Digiri yoyamba analandira mu 1974, ndipo mu 1983 anamaliza ya udokotala pa za ubale wa mayiko. Anaphunzitsa pa yunivesite zaka 31. Moyo wawo wonse anafufuza funso limodzi: kodi mayiko amene anatsekerana malire amayambanso bwanji kulankhulana? Mu ofesi yawo, momwe mapu anaphimba ndi zenera lomwe, ankauza ophunzira kuti adani musawakakamize kupepesana. Apatseni ntchito imodzi imene wina sangaimalize popanda mnzake.

Anakwatiwa ndi aphunzitsi a masamu, ndipo anadalitsidwa ndi ana aamuna awiri, achisamba ndi amzime. Bambo atatisiya mu 2015, amzime anadula mtengo umene bambowo anabzala pabwalo, poti mizu inkang'amba khoma. Achisamba anasiya kuwalankhula. Kwa zaka zisanu ndi zinayi, mayi amene ankaitanidwa kumisonkhano ya mayiko ankalandira ana awoawo mosinthana, wina Loweruka, wina Lamulungu. Sankadandaula, koma patebulo ankaikabe mbale zitatu.

Matenda a mtima anawayamba mu Januwale 2024. Ali m'chipatala analemba mbiri yawo ndi pensulo pa mapepala asanu ndi limodzi. Loyamba, lachitatu ndi lachisanu anapatsa achisamba, otsalawo amzime. Nkhani inkayambira pepala la wina n'kukathera pa la mnzake. Anatsikira kuli chete pa 2 Juni.

Dzana ana awiriwa anakhala patebulo lija kuti alumikize mapepalawo, ife tipeze chowerenga. Mwina mwaona kuti chaka cha ukwati sitinachitchule. Pepala lachitatu likuti 1977, lachinayi likuti 1978. Inu amene munalembapo mayeso awo mukudziwa kuti malemu sankalakwitsa chaka. Anawo anakangana mpaka tiyi anazizira, anatsitsa sutikesi ya zithunzi pamwamba pa kabati, kenako achisamba anaphulika kuseka, amzime n'kugwetsa misozi. Chakacho sichinapezekebe. Eni mkanganowo ndi awo ali kutsogoloko, pa benchi limodzi.

Malemu asiya ana awiri, apongozi awiri, mlongo mmodzi ndi zidzukulu zisanu, zomwe zina zadziwana pamaliro pano. Banja likuthokoza anamwino amene ankawasongolera pensulo, ophunzira awo amene ankasinthana kudzawawerengera nkhani za mayiko, ndi inu nonse amene mwabwera kudzatipepesa.

Amayi, msonkhano wanu wotsiriza watheka, mbali zonse ziwiri zafika. Mzimu wanu uuse mumtendere.