Dzina lakumapeto kwa mndandanda

Chaka chija kompyuta itangofika pachipatala chathu chaching'onochi, inu musanamere mano, agogo anu aakazi a Nabanda anatsala pang'ono kutisiya. Musaleke kusenda nsawazo, makutu okha ndiwo ndikufuna.

Kale mayina ankalembedwa m'buku, ndipo buku ukalikana umaliloza ndi chala. Koma apa anawaika pagalasi, kundandalika ngati mizere ya m'munda, ndipo la a Nabanda linali lomaliza, poti tinachedwa kulembetsa, ine ndili ku Zemba kukaweta ng'ombe yomwe inagonjetsa amuna khumi.

Tafika kudzatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi, anesi akuti, "Agogo, kompyuta ikuti munalandira kale."

Ine ndinati, "Ndani walandira? Mzimu wawo?"

Tinabwerera manjamanja. Mwezi wachiwiri chimodzimodzi, ndipo mutu unkawagunda agogo anuwo mpaka ine kumamva ndili kudimba. Ine amene sindinaopepo mkango, ndinkaopa kubwerera kunyumba masana, kuti mwina ndikapeza anthu atasonkhana pakhomo.

Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinakakhala pabenchi kuchipatala kuja kuyambira m'mawa, maso pa dzanja la anesi. Galasi likati lizime, iwo ankagwira kanthu kamchira kaja amati mausi, nadina kawiri pamalo oyera kunsi kwa mayina, kungoti lidzuke. Dzina la pansi n'kuthwanima, phethi!

Ndinaimirira. "Amayi, mwagunda pamtetete popanda mzere, koma chimanga chomwe chaphedwa n'changa!"

"Agogo, sukulu munaphunzira kuti?"

"Kudikira anyani m'munda."

Anaitana mayi wina wa ku boma amene anakonza chinthucho. Iye anayesa, nagwira pakamwa. Akuti kudina kamodzi n'kusankha dzina, kawiri n'kulemba kuti walandira, koma ukadina pachabe, kompyuta inkangogwira dzina loyandikira. Anaiphunzitsa kuti izifunsa kaye ngati kadinidweko kagwera padzina penipeni. Ena amati anandigwadira. Ine sindikana.

Mankhwala tinalandira tsiku lomwelo, ndipo agogo anuwo si awo akukupenyani apo, akundinena kuti ndine wabodza?

Koma mtima sunakhazikikebe, adzukulu anga. Ndikamva kuti kwabwera kompyuta yatsopano, thukuta limatuluka. Inu amene mudzakonze zinthu zimenezi, muzikumbukira kuti kumapeto kwa mndandanda kuli munthu, ndipo mwina alibe mwamuna wamaso ngati ine.