Phiko limene a Singano sanaliyese

Malemu athuwa, amene ambiri mumawadziwa kuti a Singano, anabadwa pa 9 Juni 1961, achiwiri m'banja la ana asanu. Ine ndikuyankhulane ndine mng'ono wawo.

Atamaliza sukulu mu 1980 anaphunzira utelala, ndipo mu 1987 anamanga banja ndi alamu anga ali apawa.

Mu 2004 analembedwa ntchito pa kampani yopanga tindege tating'ono ta mapiko opopa. Mapikowo ndi a nsalu yokhuthala, amapindidwa ngati bulangete, koma akawapopa mpweya amauma gwa, n'kunyamula munthu m'mwamba. Ife tinkaseka kuti achimwene asiya mathalauza akusokera mphepo. Phiko lililonse akalisoka ankalipopa, n'kupaka thovu la sopo msoko ndi msoko, kuona ngati mpweya ukuthawa. Ukawapeza m'shedi atagwada, ngakhale moni sankakuyankha.

Mu 2016 mwana wawo wachisamba, wamkazi, anakhala woyendetsa ndege pa kampani yomweyo. Achimwene anasangalala, koma mtima wawo sunakhalenso m'malo.

Mu Febuluwale chaka chino anayamba kudwala chifuwa. Phiko lawo lomaliza analisoka manja akunjenjemera, ndipo anagonekedwa m'chipatala asanalipake thovu. Atisiya Lolemba lapitali.

Anamfedwa mundikhululukire, izi si za pamaliro, koma ndinatumidwa. Kutatsala tsiku limodzi kuti atisiye, akupuma movutika, achimwene anandigwira dzanja n'kundiuza kuti msoko wa kumanzere sakuukhulupirira, phikolo lisauluke. Akuluakulu a kampani, amene ali nafe pano, akuti analiyesa ndi makina awo ndipo lili bwino. Mwina n'zoona, ine ndege sindizidziwa. Koma liuluka Lachisanu, ndipo amene wadzipereka kuliulutsa ndi mwana wa malemu yemwe, woyendetsa ndege uja. Tamudandaulira, mayi ake amugwadira, iye wakanitsitsa. Akuti bambo ake sanasokepo msoko wolakwika, anayankhulitsidwa ndi matenda basi. Ndili ndi mantha, abale anga. Mawu aja ndawatula pamaso pa nonsenu.

Tikuthokoza anamwino, anzawo a kuntchito ndi inu nonse mwabwera kudzatipepesa. Mzimu wa achimwene uuse mumtendere.

Malemu asiya mkazi, zidzukulu zinayi ndi ana atatu. Chonde, Loweruka tikamawawerenganso anawa, adzakwane atatu.