Manda Amene Malemu Ankafunafuna

Malemu, omwe ndi achemwali anga, anabadwa pa 9 Okutobala 1962. Atamaliza sekondale mu 1981 anaphunzira zoyeza malo ndi kujambula mapu. Mu 1985 anakwatiwa ndi alamu athuwa, oyendetsa sitima.

Mu 1988 kutabuka kolera, malemu anagonekedwa m'chipatala ndi mwana wawo woyamba, alamu ali kutali. Pomwe ankatsitsimuka, mwana anali ataikidwa kale ndi antchito a mzinda. M'kaundula wa kumanda dzina lake silinapezeke, poti kalaliki ankalemba mothamanga, mayina nkumangowapotoza. Ndinene poyera, chimenechi chinawadya moyo achemwali.

Mu 1994 anapempha kukagwira ntchito ku ofesi yoyang'anira manda, anzawo nkumawaseka kuti athamangirako msanga. Malo onsewo anawagawa m'timabokosi pa mapu. Mtumbira uliwonse anaulowetsa m'kompyuta, kuti munthu ngakhale aphonye zilembo ziwiri kapena zitatu, makina amuonetse mayina oyandikira ndi pamene eniake agona. Mabanja ambirimbiri anapeza abale awo. Iwo okha ayi. Tsiku lililonse poweruka ankalemba dzina la mwana uja mwamtundu wina, makina nkuyankha kuti palibe.

Anadwala impso kuyambira Malichi, ndipo anatisiya Lachiwiri m'mawa, pa 13 Juni 2023. Anapempha chinthu chimodzi chokha: kukagona pafupi ndi mwana wawo. Tinangovomera, tilibe ndi pogwira pomwe.

Lachitatu, mnzawo wa kuntchito akutisakira malo okumba, anapeza mtumbira wongolowetsedwa kumene m'kompyutamo, dzina la mwana lathunthu, m'kabokosi ka kumpanda wakumadzulo. Olowetsa anali malemu. Nthawi yake, Lachiwiri masana, thupi lili kale kumochale. Komatu kachipangizo kawo koyezera, kamene kamatumiza mitumbira ku kompyuta, sikalemba malo pokhapokha munthu ataima pomwepo, ndipo kanali m'kabati yokhoma.

Tinapitako, abale anga. Kamtumbira kalipo. Manda ena azungulira thithithi, koma pambali pake pali malo a munthu mmodzi, osakumbidwa zaka zonsezi. Sitinafunse zambiri. Ndi kumeneko tikupita tikachoka pano.

Tikuthokoza achipatala, akuntchito, okumba manda ndi nonse mwabwera kudzatigwira mkono. Malemu asiya amuna awo, ana atatu ndi zidzukulu zisanu. Woyamba uja sitinamuwerengere pa osiyidwa, chifukwa ameneyo sakumusiya, akumutsatira.

Mizimu yawo, onse awiri, iuse mumtendere.