Amuna Anga Sanali Kazitape

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, abale ndi alongo, ndakupatsani moni m'dzina la Ambuye. Aleluya! Aleluya wanuyo wafooka, koma palibe kanthu, chifukwa chake ndikuchidziwa. Mwaona amene waima kutsogolo kuno.

Ndikufuna kuchitira umboni. Abusa andipempha kuti ndisatalikitse, ndipo ndiyesetsa. Koma ndikakweza mawu mundikhululukire, chifukwa Mulungu wandichitira chachikulu, inde, koma mtima wanga sunapole. Ndine wokwiya, abale. Ndabwera ndi kuyamika komanso mkwiyo, zonse m'dengu limodzi.

Kwa alendo amene simundidziwa, ine ndine mayi a Chisomo. Kwathu ndi konkuno kwa Mphuka, ndipo ndakhala ndikuthyola tiyi pa esiteti iyi kuyambira ndili mtsikana. Amuna anga, bambo a Chisomo, ndi mkamwini. Anachokera ku Ntcheu kudzayendetsa thalakitala yonyamula masamba, anandiona pamzere, basi anakhazikika. Munthu wofatsa, wosalankhulalankhula. Chilomwe chinawakanika mpaka lero, amangodziwa moni ndi kupempha madzi.

Mukukumbukira nthawi imene abambo a m'midzi muno ankakumana Lamlungu masana pansi pa mabulugamu, kukambirana za malo aja amene esiteti siilima, pamene ife tikulima chimanga m'mphepete mwa msewu ngati anthu obwera. Amuna anga ankapitako. Nkhani ikatentha anthu ankatembenukira ku Chilomwe, ndiye iwo ankangokhala kumbuyo, chete, maso pa wolankhula, kuyesa kutolera kamodzikamodzi. Pobwera kunyumba ankandifunsa kuti, "Kodi mawu akutiakuti amatanthauza chiyani?" Kukhala chete kumeneko ndi kumene kunadzasanduka mlandu wawo.

Zimene zinkakambidwa pansi pa mitengo ija zinkafika kwa akuluakulu a boma monga mmene zanenedwera. Tsiku lina m'mawa anthu osavala yunifolomu anabwera ndi kutenga abambo angapo pantchito, amuna anga ali m'gulumo. Tinalira limodzi, amayi inu. Tinapemphera limodzi pakhonde langa, ena mwa inu munagona kwanga.

Patapita masiku, tili pa sikelo ya masana, poyezetsa masamba amene tathyola. Inu othyola mukudziwa, palibe malo ena pa esiteti pamene anthu onse amasonkhana ngati pamenepo. Aliyense ali pamzere ndi dengu lake, akapitawo alipo, kalaliki alipo. Tinangoona galimoto yoyera ya magalasi akuda ikubwera pang'onopang'ono mpaka kuima pafupi ndi sikelo penipeni. Bambo wina wovala bwino anatsika, anazungulira, n'kutsegula chitseko cha kutsogolo. Cha kutsogolo, abale! Amuna anga anatuluka. Bambo uja anawagwira chanza ndi manja awiri, n'kuwapatsa jumbo ya buledi ndi shuga, kenaka anakweza mawu kuti aliyense amve: "Zikomo kwambiri achimwene, mwatithandiza. Tionananso." Galimoto inapita, amuna anga atangoima ndi jumbo ija m'manja, osadziwa kuti aiike pati. Anzawo onse anatsala m'chitokosi.

Ine ndinaponya dengu, kuthamanga kukawakumbatira. Nditacheuka kuti anzanga asangalale nane, palibe amene ankandiyang'ana. Aliyense maso pa masamba ake.

Kuyambira tsiku limenelo dzina lawo linasintha. Sanalinso bambo a Chisomo, anali kazitape. Anthu ankati, "Tinkadabwa ife, munthu wanji wongokhala chete pamsonkhano, kani amamvetsera." Amuna anga anayesa kufotokoza kuti iwonso anamenyedwa, anaonetsa msana, koma anthu anati zipsera zimenezo n'zophimba nazo anthu m'maso. Othyola anakana kukweza masamba pa thalakitala yawo, mpaka amanijala anawachotsa n'kuwatumiza kukalondera nkhalango ya mabulugamu, okhaokha. Mwana wanga Chisomo ankabwera kusukulu akulira. Amalume anga, eni mbumba, anabwera kwathu n'kukhala pa mpando wa amuna anga omwe, akuti, "Mwana wanga, mkamwini ndi mlendo. Muikire katundu wake panja azipita kwawo, mudzi upume." Ndinawayankha kuti, "Amalume, mukamuthamangitsa munditaya ndi ine." Anachoka osatsanzika.

Ndipo muno m'tchalitchi? Ayi, musayang'ane pansi, ndinena. Amuna anga ankakhala pa benchi iyo, yachitatu kumanzere. Lamlungu loyamba atabwerera anakhala pamalo pawo, ndipo benchi yonse inasamuka. Mmodzimmodzi, mwaulemu, ngati akupita kukataya madzi. Munthu anapemphera yekha pa benchi yokwana banja lonse. Nyimbo munaimba bwino tsiku limenelo, ndikukumbukira.

Chimene chinawathyola msana ndi maliro a agogo aja a kutsidya kwa mtsinje. Amuna anga analawirira kumanda ndi khasu lawo monga mwa nthawi zonse, pakuti chibwerereni kuno sanajombepo kukumba manda. Atangolowa m'dzenje, mkulu wa adzukulu anawalanda khasu m'manja n'kuliponya kutchire. Anati, "Tulukani. Mungakanene ku boma kuti malirowa tawaika mozondoka." Anthu anaseka. Kumanda, abale, anthu anaseka! Atafika kunyumba anakhala pakhonde, matope ali kumapazi, n'kundifunsa funso limodzi lokha: "Mayi a Chisomo, ine ndikadzafa adzandikumbira ndani?" Kuchokera pamenepo sanapondenso kumaliro, sanapondenso muno. Munthu anayamba kuuma ndikumuona, chakudya akudya koma osaoneka kumene chikupita.

Ndinakangana naye Mulungu. Sindinapemphere mapemphero okoma ayi. Ndinkathyola tiyi uku ndikumufunsa kuti, kodi Inu mulibe maso? Kodi amene anachita izi adzangokalamba bwinobwino, akudya ndi ana awo?

Koma akulu anati mlandu suola. Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Tsiku lina ndinamva pa wailesi kuti madandaulo achuluka, ndiye boma laika komiti ya aphungu kuti iunike ntchito zachinsinsi za akazitape ake, zimene ankachita popanda wowafunsa. Anati komitiyo ifika ku boma kuno, ndipo aliyense amene ali ndi dandaulo apite. Ndinauza amuna anga kuti tiyeni. Anakana. Anati, "Akandiona ndikulowa mu ofesi ya boma anena kuti ndapita kukalandira malipiro anga." Mukuona mmene munawamangira? Ngakhale khomo la chilungamo linasanduka msampha. Ndinamanga chitenje, ndinakwera kabaza, ndinapita ndekha.

Kumeneko zitseko anatseka, mafoni tinasiya pakhomo. Aphungu anakhala kutsogolo, wapampando wawo anali mayi wachikulire wa magalasi. Ndinafotokoza zonse monga ndakuuziranimu. Anandiuza kuti ndidzabwerenso, iwo akaitanitsa anthu okhudzidwa. Ulendo wachiwiri ndinangolowa n'kumuona. Bambo uja wa chanza cha manja awiri, atakhala pambali pa bwana wake, atanenepa.

Amayi apampando anamulumbiritsa, kenaka anamufunsa kuti, "Kodi mwamuna wa mayi awa anali munthu wanu?" Anayang'ana bwana wake. Amayi aja anati, "Musayang'ane kumbali, yang'anani kuno." Anati, "Ayi, sanali wathu." Anamufunsa kuti nanga munamutsitsiranji pa sikelo, pamaso pa anthu? Tamverani yankho lake, abale, tamverani. Anati, "Tinali ndi munthu wathu weniweni m'gulu lija, ndipo anthu anayamba kumukayikira. Tinafunika wina woti maso onse apite kwa iye. Tinasankha ameneyu chifukwa ndi wobwera, alibe abale kuno omuikira kumbuyo. Tinasankha nthawi ya sikelo chifukwa m'pamene pamakhala anthu onse." Phungu wina anafunsa kuti analoleza zimenezi ndani. Panalibe amene analoleza, anangopangana okhaokha mu ofesi. Ndiye bwana wake anawonjezera, akuti, "Komabe, olemekezeka, pa ntchito imeneyi palibe amene anavulala."

Palibe amene anavulala! Sindikudziwa kuti ndinaimirira bwanji. Ndinati, "Bwana, inu mumadziwa kulanda munthu khasu kumanda? Mumadziwa benchi kusamuka? Munatiphunzira bwino ife, munadziwa kuti mkamwini alibe mwini, munadziwa nthawi ya sikelo yathu, munatenga mwambo wathu womwe n'kutibaya nawo. Lero mukuti palibe anavulala? Tiyeni kwathu mukamuone munthu amene munamuika m'manda akuyenda!" Wapolisi wa pakhomo anayandikira kuti andikhazike pansi, koma amayi apampando anati, "Asiyeni amalize."

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Atakambirana anandiitana n'kunena kuti boma lavomera kulakwa ndipo lipepesa, koma m'chipinda momwemo, chifukwa nkhaniyi ikukhudza chitetezo cha dziko. Ndipo ine ndilonjeze kuti sindikanena kunja zimene ndamva. Ndinaseka, abale, kuseka kowawa. Ndinati, "Kupepesa kwa m'chipinda ndikakuonetsa ndani? Ndikakuphika? Munamudetsa pa sikelo dzuwa lili pamutu, mukamutsuke pa sikelo dzuwa lili pamutu. Dzina la munthu wanuyo sungani, sindikulifuna. Ndikufuna dzina la mwamuna wanga."

Aphungu anagawikana ine ndili pomwepo. Ena ankati zimenezi zichititsa manyazi boma, ena ankati manyaziwo alipo kale. Anandiuza kuti ndidikire. Ndinadikira mpaka nyengo yodulira tiyi inafika, minda yonse itasanduka zitsa, opanda uthenga. Ndinati basi, khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Amuna anga sindinawauze chilichonse, ndinkaopa kuwapatsa chiyembekezo chimene chingadzawaphe.

Koma Mulungu sagona. Lachinayi lapitali, ambiri a inu munalipo. Sikelo ya masana, mzere utatalika, magalimoto awiri anaima. Anatsika amayi apampando aja, anatsika bwana wa akazitape uja, chipewa chili m'manja. Anatuma kapitawo kukaitana amuna anga kunkhalango. Ndipo bwana uja, amene ankati palibe anavulala, ananena ndi pakamwa pake, anthu onse akumva: "Bambo awa sanatigwirirepo ntchito. Sanatiuzepo kanthu. Tinawanamizira dala, ndipo tinalakwa." Mawu ake anali otsika, ndiye mayi wina kumbuyo kwa mzere anakuwa kuti, "Sitikumva kuno!" Anabwereza mokweza. Aleluya! Ndati aleluya!

Amayi apampando anatiuzanso kuti kuyambira tsopano ntchito zotere sizidzachitika popanda wina wa kunja kwa ofesi yawo kuziona ndi kuvomereza, ndipo komiti izidzawafunsa kawirikawiri. Kaya zidzatheka, kaya ndi mawu a pamsonkhano chabe, ine sindikudziwa. Bambo wa manja awiri uja ndamva kuti anangomusamutsira kwina. Zimenezo zikundiwawa, ndipo sindinama kuti ndamukhululukira. Abusa, mundipempherere pamenepo, ntchito ikadalipo.

Tsopano ndikuona ena mwayamba kuyang'anana, mukudzifunsa kuti nanga kazitape weniweniyo anali ndani. Lekani! Lekani zimenezo pompano! Ine sindimudziwa, ndipo sindikufuna kumudziwa. Mwina anasamuka, mwina ali muno, Mulungu akumuona. Kuyang'anana kumeneko ndi kumene anthu aja anadalira. Iwo anangobweretsa galimoto ndi jumbo ya buledi, zotsalazo tinawagwirira ndife, mwaulere. Mukayambanso kusakasaka, mudzapeza mkamwini wina wofatsa, ndipo mayi wina adzaima pano kulira ngati ine.

Ndikuyamika Mulungu amene anatsegula chitseko chotseka. Ndikuyamika Mulungu amene anakweza mawu a munthu wamkulu pamaso pa othyola tiyi. Anandipatsa mphamvu yokana amalume anga, anandipatsa pakamwa pamaso pa aphungu, ine amene sukulu ndinalekeza panjira. Ulemerero ukhale kwa Iye.

Ndimafuna ndinene kuti sangalalani nane, koma sindingathe kusangalala ndekha muno. Bambo a Chisomo ndabwera nawo lero. Avala jekete lawo, tayenda limodzi mpaka pa mpanda wa tchalitchi, pamenepo akana kulowa. Andiuza kuti, "Pita iwe, ine sindikudziwa ngati akundifuna." Ali panja pano, aima padzuwa chiyambireni mapemphero. Ine sindipita kukawatenga ayi. Si ine amene ndinawatulutsa.

Ndiye oimba, gwirani ng'oma zanu koma musayambe. Amayi, sungani nthungululu zanu kukhosi. Chitseko ndi icho, chili chotsegula. Ndaima pompano, ndidikira. Amene adzuke kukawalowetsa adzuke, ndipo amuna anga akadzaponda pakhomopo, pamenepo ndiye musangalale nane mpaka denga ili ligwedezeke. Amen.