Baibulo la Bambo Anga M'jumbo ya Shuga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ambiri mumandidziwa kuti ndine Lameki, uja amayenda m'makomo muno mu Bangwe kuwerengera nkhalamba Mawu a Mulungu. Koma akale mumpingo muno akukumbukira dzina lina. Ankanditcha Bambo Chigiriki, ndipo sikunali kunditama ayi.

Ine mowa sindinaulawepo. Fodya sindinamusutepo. Chimene chinandiledzeretsa ine ndi sukulu.

Zaka zija matipate atangoyamba, aliyense pakamwa panatseguka. Mu minibasi, pamsika, kuntchito, munthu aliyense anali ndi chonena. Ine ndinali kalaliki pa kampani ina ku Limbe, ndikuchita lendi ku Zingwangwa, ndipo nane ndinkafuna changa chonena. Ndinamva kuti ku Soche kuli abusa ena opuma, a Malunga, amene Loweruka masana amaphunzitsa Chigiriki, chiyankhulo chimene Chipangano Chatsopano chinalembedwamo poyamba. Ndinapita.

Tinayamba anthu asanu ndi mmodzi pakhonde pawo. Pofika pa maverebu tinatsala awiri. Chaka chisanathe ndinatsala ndekha. Abusa anandibwereka Chipangano cha Chigiriki ndi dikishonale yothothoka masamba. Tsiku limene ndinamasulira ndekha vesi yoyamba, ndinayenda wapansi kuchokera ku Soche mpaka ku Limbe osamva kutopa. Chinali chimwemwe chabwino. Amene anachiwononga ndine.

Ndinayamba kukhala benchi yakumbuyo, pensulo ili m'manja. Mlaliki akamalalikira, ine ndinkachonga zolakwa ngati mphunzitsi. Tikaweruka ndinkamudikirira pakhomo. Akulu ampingo akandiona ankakhotera kuseri kwa tchalitchi. Ine ndinkati akuopa nzeru zanga, chonsecho anali atangotopa nane.

Tsopano ndikuuzeni za bambo anga. Anabwera kuno ali mnyamata kuchokera ku Mozambiki, kudzera ku Mulanje. Anathyolapo tiyi, kenako analondera masitolo ku Limbe mpaka msana unapindika. M'kalasi sanapondemo. Koma anali ndi Baibulo lawo la Chinyanja, lokulunga m'jumbo ya shuga, ndipo anali ndi njira yawoyawo yopezera malo. Nkhani iliyonse imene ankaikonda anaiikira chizindikiro. Pa nkhosa yotayika panali tsamba la bulugama. Pa mbala ija ya pamtanda panali ulusi wofiira wa nsalu ya malemu mayi anga. Pena kamtengo ka machesi, pena nthenga ya nkhuku. Maso atasiya kuona, ankangopapasa ndi chala n'kunena kuti, "Lameki, lero pa bulugama."

Lamulungu lililonse masana kuwawerengera inali ntchito yanga, kuyambira ndili sitandade 3. Ngakhale nditasamukira ku Zingwangwa, ndinkakwera minibasi kubwera kuno kudzawerenga.

Nditadziwa Chigiriki, ndinasiya kuwerenga, ndinayamba kukonza. Mzere umodzi, ndaima. "Apa sanamasulire bwino." Mzere wina, ndaimanso. Bambo ankamvetsera, manja ali pamaondo. Nkhosa ija inasiya kupezeka, chifukwa tisanafike pamene mbusa akuipeza, nthawi yanga yobwerera inkakhala itakwana.

Tsiku lina anandidula pakamwa. "Iwe, tangowerenga mmene alemberamo."

Ndinapsa mtima. Ndinati, "Bambo, bukhu lanuli ndi kaunjika, lavalidwapo kale ndi omasulira. Mawu enieni ali muno." Ndinatero ndikumenya chikuto cha Chipangano changa.

Anatseka Baibulo lawo, analibwezera m'jumbo, n'kuuza mlongo wanga Esinati, amene ankawasamala, kuti akaliike m'sutikesi kunsi kwa bedi. Kuyambira tsiku limenelo sanandipemphenso kuliwerenga. Ine, chitsiru, ndinati ndapambana mtsutso.

Nyengo ya chiperoni chifuwa chinawagwira. Kuchipatala anatibweza ndi mapilitsi, ndipo tonse tinadziwa kumene zikupita. Lamulungu lina masana ndinawapeza atagona pamphasa pakhonde, akuothera dzuwa. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Tandiwerengera lako lija, lenilenilo. Ndisapite ndisanalimve."

Ndinakondwa, abale. Ndikunena mwamanyazi. Ndinaimirira, ndinakonza kukhosi, n'kuwerenga nkhani ya nkhosa ija m'Chigiriki, mokweza kuti ndi aneba omwe amve. Nditamaliza, bambo anandifunsa.

"Ndiye Mulungu amayankhula chonchi?"

Ndinati, "Umu ndi mmene analembera."

"Nanga ine zaka zonsezi, ndi Chinyanja changa chosakaniza ndi Chilomwechi, amandimva?"

Yankho lake ndi liwu limodzi lokha. Mwana wa Sande sukulu akanayankha asanaphethire. Koma ine ndinati, "Nkhani imeneyo ndi yaitali, bambo. Ndidzakufotokozerani bwinobwino Loweruka." Ndinkafuna ndikakonze kaye mfundo, iliyonse ndi mavesi ake. Ndinanyamula bukhu langa n'kuthamangira minibasi.

Lachiwiri m'mawa, ndili kuntchito, mneba wa bambo anafika pageti, chipewa chili m'manja.

Pamaliro analalikira a Chimwala, mkulu wampingo wosoka nsapato, amene ndinawachongapo kambirimbiri. Tsiku limenelo ndinalibe pensulo. Anthu ankandipepesa kuti bambo apita kukapuma. Ine m'khutu mwanga munali funso lija basi. Ndinawasiya bambo anga apite kumanda asakudziwa ngati Mulungu wawo amawamva.

Ndinasiya kubwera kutchalitchi. Pemphero linandikanika. Ndikagwada, ndinkangomva mawu awo aja akuti, amandimva? Ndinadziona ngati munthu amene walanda wakhungu ndodo ali pakati pa mlatho. Ndinaonda mpaka anzanga kuntchito anayamba kunong'onezana, ndipo inu mukudziwa zimene anthu ankaganiza zaka zimenezo munthu akaonda. Ine sindinawatsutse. Ndinkaona kuti manyazi alionse ndi ondiyenera.

Loweruka lina ndinanyamula mabukhu aja kukawabweza ku Soche. Ndinawauza abusa a Malunga zonse. Anavula magalasi.

"Lameki, ndinakuphunzitsa zilembo, koma ndinaiwala kukuuza eni ake," anatero. "Chigiriki ichi sichinali cha mabwana. Chinali cha pamsika, cha asodzi, cha antchito a m'nyumba, cha anthu obwera ngati bambo ako. Ambuye pophunzitsa m'midzi ya kwawo ankayankhula chakwawo, olembawo anachita kumasulira. Ngati chomasulira ndi kaunjika, lakoli nalonso ndi kaunjika."

Mabukhu aja anakana kuwalandira. Anati mpeni sulakwa, ndipite ndikasendere chinangwa, ndisakabayire anthu.

Mawu amenewo anandimasula m'mutu, koma mumtima ayi. Bambo sanawamve.

Patapita miyezi, achibale anasonkhana kudzagawa zovala za malemu. Esinati anakoka sutikesi ija kunsi kwa bedi. Munali jekete la ulonda, malaya awiri ndi nsapato. Baibulo munalibe. Nditafunsa, anandiitanira kuseri kwa nyumba, n'kulitulutsa m'chitenje mwake, lili m'jumbo yake yomwe ija.

"Achimwene, anandiletsa kukuuzani," anatero. "M'sutikesi linangogonamo tsiku limodzi. Tsiku ndi tsiku ndinkawawerengera. Lamulungu likafika ankati ndilibise. Ankati, mwanayu waivutikira sukulu yake, tisamuchititse manyazi."

Ndinakhala pa mwala wochapira.

"Lolemba lija, mutawawerengera chanu chija dzulo lake, anati ndiwawerengere pa bulugama. Ndinawafunsa kuti, si paja achimwene anati ili si lenileni? Anaseka, chifuwa chili chobanika. Anati, werenga iwe. Ine ndavala kaunjika moyo wanga wonse, ndipo amafunda. Ngati muli cholakwa, Mwini wake akandikonzera ndikafika."

Abale, ndinalira ngati mwana. Munthu wosadziwa ndi chilembo chimodzi chomwe anandisungira ulemu umene ine ndinalephera kumusungira. Funso limene ine ndinalisungira Loweruka, Mulungu anawayankha yekha Lolemba, kudzera mwa mlongo wanga amene analekeza sitandade 5.

Pomwepo pa mwala wochapira ndinamasula jumbo ija. Ndinapapasa ndi chala monga ankachitira iwo, mpaka ndinakhudza tsamba la bulugama. Ndinawerenga mokweza, osaima, osakonza kanthu, mpaka mbusa anaipeza nkhosa n'kuisenza pamapewa. Apo ndinazindikira kuti nkhosa ija ndine. Ndinatayikira m'khola momwemo, Baibulo lili m'manja. Ndinagwada m'matope a sopo aja n'kupempha chikhululukiro m'Chinyanja chathu chomwechi, ndipo Yesu anandimva.

Lamulungu lotsatira ndinawadikirira a Chimwala pakhomo la tchalitchi. Atandiona anayamba kukhota monga mwa masiku onse. Ndinawathamangira n'kuwapepesa pamaso pa anthu.

Chigiriki sindinachisiye. Ndimachikondabe, ndipo chimandithandiza kumvetsa bwino Mawu ndisanapite kukawerengera anthu. Koma chimatsala kunyumba. Mlendo amapatsidwa chakudya, sapatsidwa nkhuni zimene aphikira.

Sindikunamizani kuti chisoni chinatha. Ambuye anandikhululukira, koma liwu limodzi lija sindinawauze bambo anga, ndipo pansi pano sindidzawauzanso. Jumbo ya shuga ija inang'ambika, ndasintha kangapo. Tsamba la bulugama likadali pomwe analisiya.

Ndikutamanda Mulungu amene anamva mlonda wa ku Limbe zaka zonse zija, amenenso anamva mwana wake wodzikuza. Ulemerero ukhale kwa Iye yekha.

Ngati pali munthu amene akudikira liwu labwino kuchokera kwa inu, musalisungire Loweruka. Ndipo ngati mwakhala pano lero ndi funso la bambo anga mumtima, kaya mumapemphera m'Chisena, m'Chiyao, m'Chilomwe, kaya mumangobuula mawu osatuluka, bwerani kutsogolo kuno tipemphere limodzi. Ndikuyankhani lero lomwe, ndisanakhale pansi.

Inde. Amakumvani.