Mapazi a Fisi Pabwalo Panga

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse, abale ndi alongo. Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, zikomo pondipatsa mpata. Ambiri a kuno ku Chiringa mumandidziwa nkhope, pena kumsika, pena kumaliro. Kwa amene simundidziwa, ine ndine Elube. Ndimakhala nyumba yomalizira kumtunda, kumene mudzi umathera n'kuyamba miyala ya phiri la Michesi. Enanu munamvapo za mayi woweta fisi uja. Ndine amene. Musayang'ane pansi ayi, ndabwera kudzanena ndekha.

Inali nthawi ija matipate atangolowa, aliyense akuti pakamwa pamasuka. Bambo akunyumba anali atatisiya. Ndinatsala ndi mwana wanga Falesi, mwamuna wake, ndi kamdzukulu kanga Takondwa. Tinkalima chimanga, chinangwa ndi nandolo. Olemera sitinali, koma tulo tinkagona. Ndipo ine, abale, ndinali munthu wa tsache. Kunja kukangoti mbuu, anzanga akadali m'bulangeti, ine ndili kale panja. Kusesa kuyambira pakhonde mpaka kunjira, kuzungulira mpaka kuseri kumene thanthwe layambira. Amayi anga anandilera choncho. Pabwalo panga ukanagwetsa singano ukanaitola.

Ndiye mbuzi zinayamba kusowa m'mudzi. Lero khola ili, mawa khola ilo. Amuna anakaitana a Muhiwa, bambo wina amene anabwera kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo n'kukhazikika kwathu. Ntchito yawo inali kulonda mapazi a nguluwe zikamatha chinangwa cha anthu. Munthu wosalankhulalankhula, maso pansi nthawi zonse. Atanjuta pakhola paja anati, "Uyu si galu. Onani, phazi lakutsogolo lalikulu, lakumbuyo laling'ono, zala zopindika ngati nyemba. Si kambuku, kambuku sasiya zikhadabo. Uyu ndi fisi, ndipo wanyamula katundu, n'chifukwa chake akutsogolowa azama."

Anayamba kulonda, anthu ali pambuyo. Kudutsa m'dimba, kukwera kanjira ka kumtunda. Mapazi aja anafika m'mphepete mwa bwalo langa, basi. Osaonekanso. A Muhiwa anazungulira nyumba, kuseri anapeza thanthwe lokhalokha, ndipo pamwala phazi silidinda. Anabwerera n'kunena mawu ochepa: "Mapazi athera pano."

Sanawonjezepo kanthu. Anthu ndi amene anamalizitsa.

Mbuzi ina itasowa, chimodzimodzi. Mapazi mpaka pabwalo panga, basi. Ina itasowa, chimodzimodzi. Pamenepo nkhani inapsa. Akuti fisiyo ndi wanga. Akuti akafika pabwalo amalowa m'nyumba, ndimamusunga kuseri kwa mtsuko. Ena akuti ayi, fisiyo ndine ndemwe, ndikafika pakhomo ndimasanduka munthu. Ena mpaka anayamba kukumba imfa ya amuna anga, oti anadwala chifuwa aliyense akuona.

Abale anga, chala cha anthu chimalemera. Ndikafika pamjigo, amayi ankanyamula ndowa zosadzaza n'kumapita. Kumaliro ndikagwira mtsuko kuti ndikatunge, wina ankandilanda mwaulemu, "Pumani, mayi." Kutchalitchi mkeka wonse unkakhala wanga ndekha. Ine wa pakamwa ngati ine, woti kale munthu akandiputa ndinkamubwezera ndi chenji chomwe, mawu anandithera. Ungayankhe chiyani mapazi ali pomwepo, aliyense akuwaona? Chimene ndinkatha n'kusesa basi. Ndinkati aone kuti ndine munthu wolongosoka. Akamanena kwambiri, ine ndinkalawiriranso kwambiri.

Tsiku lina Falesi anamanga katundu. Akuti akupita kwawo kwa mwamuna wake ku Jenala. Ndinati, "Mwanangu, kuno n'kwanu. Mkazi amathawa mudzi wa amayi ake?"

Anati, "Amayi, Takondwa anzake akumukana kusewera naye." Kenaka anati, "Ndipo inenso, amayi, sindikudziwa."

Sindikudziwa. Mwana wobala ine ndemwe, woyamwa bere ili. Takondwa anatambasula manja kuti ndimunyamule, Falesi n'kumutembenuzira kumsana. Zonse zija ndinapirira, koma apa mtima unasweka.

Kenaka anabwera achimwene anga a Dafita, eni mbumba yathu. Sanakhale pampando, anaima chiimire. Anati, "Chemwali, ine sindikuti ndinu. Koma anthu atopa. Akuti mvula isanagwe mukhale mutachoka. Mbuzi ina ikangosowa, nyumba ino aiotcha, ndipo ine ndekha sindingawaletse."

Ndinati, "Achimwene, ndipite kuti? Mchombo wanga unagwera pano."

Anangopukusa mutu n'kumapita.

Ndinasowa mtengo wogwira. Ndipite kwa yani? Mbiri yotere imakutsogolera, ukafika mudzi wina umapeza yafika kale. Kupemphera ndinkayesa, koma zinkakanika. Ndikuuzeni zoona, abale ndi alongo, ndinafika podzikayikira ndekha. Ndinkati kapena ndimatulukadi ndili mtulo osadziwa. Ndikadzuka ndinkayang'ana kumapazi kwanga ngati kuli matope. Ndinkanunkhiza manja anga. Munthu wobatizidwa, kununkhiza manja ake ngati akumveka mbuzi.

Kenaka thupi linakana. Sanali malungo, sichinali chifuwa, mphamvu zinangochoka. Ndinagona pamphasa osafuna kudzuka. Madzi a mumtsuko ndi timakaka ta chinangwa n'zimene zinkandisunga. Panalibe wogogoda. Tsache linali pakhonde, ine osalikhudza. Masiku anapita. Fumbi la chilimwe linadzaza pabwalo, masamba a mango mbwee, nkhuku zikupalasa mmene zafunira. Ndinkaona kudzera pampata wa chitseko, koma zinalibenso ntchito kwa ine.

M'mawa wina ndinamva phokoso likukwera kanjira kaja. Ndinadziwa kuti mbuzi ina yapita. Ndinamva wina akufunsa amene watenga machesi. Kuthawa sindikanatha, ngakhale kukuwa. Ndinangoti, "Ambuye, ine ndatha. Ngati mulipo, onani nokha." Pemphero langa linali lomwelo.

Phokoso lija linafika m'mphepete mwa bwalo. Ndiye ndinamva mawu a a Muhiwa, munthu woti sindinamumvepo akukweza mawu: "Imani pomwepo! Wina asaponde pabwalopa."

Onse anaima. Patapita kanthawi a Muhiwa anagogoda. "Mayi, tulukani pang'ono, koma muime pakhonde."

Ndinakwawa mpaka pakhomo. Abale, pafumbi paja mapazi anali ngati olemba. Lalikulu, laling'ono, lalikulu, laling'ono. Analowa pabwalo, anadutsa kutali ndi chitseko changa, analambalala nkhokwe, n'kukakwera thanthwe pansi pa mtengo wa mango. Pambali pake panali mzere wa mwendo wa mbuzi ukukhukhuluzika.

A Muhiwa anandifunsa, "Mayi, masiku onsewa mumasesa nthawi yanji?"

Ndinati, "Kusanayere bwino."

"Mapazi simunkawaona?"

Ndinati, "Kamdima kameneko munthu amaona chiyani? Ndikaona kanthu ndinkati agalu."

Anagwira kumutu ndi manja onse awiri. Anatembenukira anthu aja nati, "Fisi sankathera pano. Amangodutsa, nyumba ino ili panjira yake. Ife tinkafika mayiwa atasesa kale. Ine ndinaona pothera mapazi, sindinafunse chowafufuta."

Akuluakulu amati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Mudzi wonse tinali pa mnyanga, dzaye lili pakhonde panga.

Tsopano poti anaona pamene fisi anakwerera, a Muhiwa anadziwa poyang'ana pamwala paja. Apa kadontho ka magazi, apo ubweya wa mbuzi wakola paminga, kutsogolo ndowe zoyera ngati phulusa, akuti fisi amatero chifukwa chodya mafupa. Amuna anawatsatira mpaka kuphanga lina m'phirimo. Anabwerako ndi nyanga, ziboda, ndi zingwe zimene eni ake anazizindikira. Anakaitana a gemu, aja oyang'anira nyama zakutchire, ndipo iwo anathana naye fisi uja. Mbuzi zinaleka kusowa.

Mvetsani apa, abale ndi alongo. Ine sindinachite kanthu. Sindinasale kudya, sindinakwere phiri kukapemphera, nzeru ndinalibe. Nthawi yonse imene ndinali ndi mphamvu, ndinkafufuta umboni wanga ndi manja anga. Mulungu anadikira mpaka manja amenewa atalefuka. Aleluya! Pamene ine ndinalephera ngakhale kunyamula tsache, Iye m'pamene anayankhula.

Musaganize kuti mudzi unabwera kudzagwada. Ayi ndithu. Amene anali ndi machesi aja anangobalalika, aliyense ngati amapita kwina. A Muhiwa okha ndi amene anabweranso kudzapepesa, chipewa chili m'manja, nati, "Mayi, pakamwa panga panakupwetekani." Achimwene anafika ndi udzu n'kufolera denga langa, ndipo mvula inandipeza ndili m'nyumba mwanga. Falesi anabwerera titakolola. Anaima kunjira nthawi yaitali, ine ndinangoti, "Lowa, mwanayo wapsa ndi dzuwa." Takondwa anali atandiiwala, anabisala kuseri kwa chitenje cha amayi ake. Zinatenga nthawi kuti alandire chakudya m'manja mwanga.

Lero ndikulima, ndikudya, ndikugona. Alipo ena mpaka pano mwana wawo akandiyandikira amamukoka mochenjera, ndimawaona, ndipo zimawawabe. Zimenezo ndazisiya m'manja mwa Ambuye. Koma nyumba ija ilipo, ine ndilimo. Sindinakafere kuchilendo ndi dzina la fisi. Tsiku langa likadzakwana, mudzandinyamula kuchokera pakhomo panga, mudzandiika pambali pa amayi anga.

Zikomo Yesu. Zikomo abale pondimvera. Amen.